MKOTA WOYAMWITSA UKAONDA, BERE LOTSATIRA LIMACHEDWA

Mau amene tinalankhula kwa magulu a oweta nkhumba a m'madera a Mfumu Mburuma ndi Mfumu Mphuka, m'boma la Luangwa

Zikomo posiya madimba ndi maukonde anu m'mawa uno kudzamva mau athu. Sitikusungani mpaka dzuwa lifike pa liwombo, chifukwa kutentha kwa kuno ku Feira tonse timakudziwa.

Tabwera ndi nkhani imodzi yokha. Magulu ambiri amene tayendera m'mbali mwa mseu wochokera ku Luangwa Bridge, mpaka kuno kumene Luangwa amathira mu Zambezi, atifunsa funso lofanana: "Nkhumba yanga inaswa bwino ulendo woyamba. Ana analeka kuyamwa kalekale, koma iyo ikukana mphongo. Kodi yauma?" Ena amati mphongo ndiyo yofooka. Ena amanong'ona kuti pali wanjiru amene anazungulira khola usiku. Yankho lathu ndi ili: nthawi zambiri mkota wotere sunaume, ndipo palibe amene anaulodza. Unatha thupi poyamwitsa.

Mukudziwa kumene tachokera. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Achikulire anakumbukira 1992, chaka cha chimanga chachikasu, pamene enafe tinali ana a sukulu. Mabanja ambiri anagulitsa mbuzi ndi nkhumba kuti agule ufa. Pofuna kudzutsanso makola, ambiri mwa inu munasankha nkhumba, ndipo munasankha bwino, popeza bere lake ndi la masiku 114 okha, miyezi 3, milungu 3 ndi masiku 3, ndipo imaswa ana ambiri pa nthawi imodzi. Koma phindu la nkhumba silili pa bere loyamba. Lili pa kubwerezabwereza.

Tiyambe ndi kuvomera kulakwa kwathu. Amai ena a gulu lina kuno analandira msoti, ndipo unaswa ana 9. Ife tinafika, tinawerenga anawo, tinalemba m'buku, tinaomba m'manja ndi kupita. Pa maulendo onse amene tinabwerako tinkangowerenga ana. Palibe mwa ife amene anagwira msana wa make. Anawo anayamwa miyezi itatu. Pofika tsiku loletsa kuyamwa, nthiti za mkota zinkawerengeka munthu uli kunja kwa khola. Amaiwo anabwereka mphongo kawiri konse, kulipira kawiri konse, koma mkota sunaime. Potsiriza anaugulitsa kwa opha nyama pa mtengo wolira, poganiza kuti ndi chumba. Sunali chumba. Unali ndi njala, ndipo ife alangizi sitinaione chifukwa maso athu anali pa ana.

Tsono timvetsetse chimene chimachitika m'thupi mwa mkota. Mkaka umapangidwa ndi chakudya ndi madzi. Kuti mwana wa nkhumba aonjezere kilogalamu imodzi ya thupi, amayamwa mkaka wokwana pafupifupi makilogalamu 4. Muchulukitse ndi ana 8 kapena 9, muona kukula kwa ntchito imene nyama imodzi ikugwira. Mkakawo umachuluka kwambiri pa mlungu wachitatu ana atabadwa. Chakudya cha m'mbale chikaperewera, mkota susiya kuyamwitsa. Umatenga m'thupi mwake. Poyamba amapita ndi mafuta a pamsana, kenaka mnofu weniweniwo, ndipo ngakhale mafupa amasukuluka, popeza laimu wa mu mkaka amachotsedwa m'menemo. Ndicho chifukwa chake mikota ina imagwa miyendo yakumbuyo ana atangoleka kuyamwa.

Pa nthawi yomweyo, m'mimba mwa mkota timazira ta bere lotsatira timakhala tikukonzeka. Timakhwima polamulidwa ndi timadzi ta m'magazi totchedwa mahomoni, tochokera kumutu. Ana akamayamwa, lamulo limeneli limakhala loimitsidwa, ndiye chifukwa chake mkota woyamwitsa kawirikawiri sufuna mphongo. Ana akachotsedwa, mkota wa thupi labwino umafuna mphongo pakati pa masiku 4 ndi 7. Koma thupi likakhala lokokoloka, lamulolo limabwera mofooka kapena silibwera. Zotsatira zake mwaziona nokha. Mkota umatha milungu kapena miyezi osafuna mphongo. Wina umafuna mwakachetechete, osaonetsa zizindikiro, mwini wake osadziwa. Wina umakweredwa ndithu, koma pakapita masiku 21 wabwereranso, bere silinagwire. Ndipo wina umagwira bere, inu n'kumayembekeza ana 9 monga kale, koma tsiku lakuswa n'kuona ana 4.

Akatswiri a za ziweto anapeza kuti vuto limayamba pamene mkota wataya kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake pa nthawi yoyamwitsa. Mkota wa makilogalamu 80 ukataya oposa 8, walowa kale m'ngozi. Makilogalamu 8 pa nyama yaubweya wakuda saoneka msanga ndi maso. Pamene mukuona nthiti muli patali, mwachedwa.

Mkota woswa koyamba ndiwo umavutika koposa, chifukwa nawonso ukadali kukula. Chakudya chimodzi chomwecho chikulimbirana pakati pa mkaka ndi mafupa ake omwe. Msoti woyenda wokha m'mudzi umakweredwa ukadali mwana, pa kufuna kwake koyamba, ndipo ambiri otere sabwereranso m'thupi. Utsekereni mpaka ukwane miyezi 8, ndipo upite kwa mphongo pa kufuna kwachiwiri kapena kwachitatu.

Sikelo yoyezera nkhumba tilibe, koma aliyense ali ndi dzanja. Ikani chikhatho pa mafupa a m'chiuno, pa fupa la msana, pa nthiti ndi pa tsinde la mchira. Ngati mafupa akubaya dzanja musanatsindike n'komwe, ndipo pambali pa mchira pali maenje, mkotawo waonda. Ngati mafupa mukuwamva pokhapokha mutatsindika ndi mphamvu pang'ono, uli bwino, ndipo pamenepo ndi pamene tikufuna. Ngati mukutsindika osamva fupa, wanenepa mopitirira. M'mabuku a ku koleji amagawa magawo 5, koma ife atatu awa atikwanira. Gwirani mlungu uliwonse pamene ukuyamwitsa, osati kungosuzumira pa mpanda.

Chida china ndi chingwe. Patapita masiku awiri mkota utaswa, zungulizani chingwe pachifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, ndipo mumange mfundo pamene chakumana. Chipachikeni pa denga la khola. Loweruka lililonse yesaninso pamalo omwewo. Chingwe chikayamba kukhwepa mlungu ndi mlungu, ndiye kuti mkota ukudzidya wokha. Amai amene sadziwa kulemba angathe kuchita zimenezi mofanana ndi mphunzitsi.

Nanga udye zochuluka motani? Lamulo la nkhumba zikuluzikulu zoyera, monga Large White ndi Landrace, ndi makilogalamu 2 a mkota mwini, kuonjezapo theka la kilogalamu pa mwana aliyense. Wa ana 8 ndiye kuti makilogalamu 6 pa tsiku. Zathu zakuda zam'mudzi ndi zazing'ono ndipo zimadya zocheperapo, koma nzeru yake ndi yomweyo: mkota woyamwitsa umafuna chakudya kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa chimene unkadya uli ndi bere. Ambiri a ife timapereka mbale yomweyo chaka chonse, bere kapena ayi, ana kapena ayi. Tsiku lakuswa patsani pang'ono ndi madzi ambiri, kenaka muzionjeza tsiku ndi tsiku, kuti pomatha mlungu uzidya mpaka kukhuta.

Gaga yekha sakwanira. Nkhumba ili ndi chifu chimodzi monga munthu, siili ngati mbuzi imene imanenepa ndi masamba ndi nyemba za msangu. Gaga amadzaza mimba ndi kupereka mphamvu, koma alibe chakudya chomanga thupi chokwanira, ndipo laimu ali ndi wochepa kwambiri. Kuno tili ndi mwayi umene anzathu a kumtunda alibe, ndiwo nsomba. Mitu, mamba, matumbo ndi zinyenyeswa zotsala pouma nsomba ndi chakudya chabwino koposa cha mkota woyamwitsa. Ziwiritseni kaye. Zikakhala za nsomba zamchere, zivikeni m'madzi ndi kutaya madziwo, chifukwa mchere wambiri pamene madzi akumwa ali ochepa umapha nkhumba. Pa mbale 10 za chakudya, yesani kuti 7 zikhale za gaga kapena mapira osinja, 2 za nyemba kapena soya, kaya zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, ndi imodzi ya nsomba. Soya ndi nyemba zikazingidwe kapena kuphikidwa, zaziwisi zimasokoneza m'mimba. Zotsala za njere za thonje musapatse nkhumba, muli poizoni amene ng'ombe yaikulu imapirira koma nkhumba ayi. Mchere ndi kasupuni kamodzi ka tiyi pa kilogalamu ya chakudya, ndipo tsiku limene mwaika nsomba zamchere musathirenso. Mafupa a ng'ombe kapena a nsomba otentha ndi kusinja, ndiponso zikamba za mazira, zimabweza laimu uja.

Kholowa, maungu, masamba a m'dimba ndi masau ogwa pansi, zonsezi perekani. Koma muzizitenga ngati ndiwo. Zili ndi madzi ambiri, ndipo mkota ungadzaze nazo mimba uku ukuondabe. Gaga kapena chimanga cha nkhungu musapereke ndi pang'ono pomwe. Nkhungu ina ya m'chimanga imatupitsa nkhumba kumaliseche ngati ikufuna mphongo pamene sikufuna, ndipo imalepheretsa bere.

Tikudziwa chimene amai ena akunena mumtima: "Chaka cha njala gagayo tinkadya ndife." Ndi zoona, tinaona ndi maso athu. Sitikuuza munthu kuti alande phala la mwana kupatsa nkhumba. Chimene tikunena ndi chakuti chakudya chochepa chimene chilipo chisagawidwe mofanana m'khola. Nkhumba yothena ikachepekedwa mwezi umodzi imangochedwa kukula, ndipo idzabweza. Mkota woyamwitsa ukachepekedwa mwezi umodzi, mwataya mkaka wa ana a lero pamodzi ndi ana a bere la mawa. Uzidya pawokha, poyamba, zinazo zisanalandire. Ngati gaga sakwanira mikota itatu, gulitsani iwiri ndi zothena zomwe, ndalamazo mugulire chakudya cha umodzi wotsalawo. Tikudziwa kuti khola lodzaza limapatsa ulemu pamudzi, koma tiyeni tiwerenge.

Bere masiku 114, kuyamwitsa masiku 56, kudikira mphongo masiku 7. Zonse pamodzi ndi masiku 177. Kawiri ndi masiku 354, chaka chisanathe. Tsono mkota wosungidwa bwino ungaswe kanayi pa zaka ziwiri. Woonda uja, umene wadikira masiku 90 m'malo mwa 7, ulendo wake umodzi ndi masiku 260, ndipo pa zaka ziwiri sukwanitsa ngakhale katatu. Masiku onse odikirawo ukudyabe gaga wanu, ndipo ana amene udzaswe ndi ochepa.

Tibwere ku madzi ndi kutentha, chifukwa m'chigwa muno ndi zimene zimagonjetsa ngakhale munthu amene ali ndi gaga wodzaza matumba. Nkhumba situluka thukuta monga ife. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, mkota umangogona ndi kupuma wefuwefu, chakudya chili pamphuno osachikhudza. Umachita dala, popeza kugaya chakudya kumaonjeza moto m'thupi. Ndiye mwini wake amati wakhuta. Udyetseni mbandakucha ndi madzulo dzuwa litalowa, ndipo ngati mungathe kachitatu usiku musanagone. Chakudya chikhale chonyowa ngati phala, koma chotsala chichotsedwe chisanasase. Denga la udzu limaposa la malata. Masana thirani madzi pakhosi ndi pamapewa a mkota, osanyowetsa ana. Madzi akumwa ndi ndowa ya malita 20 pa tsiku, ndipo mkota waukulu m'nyengo yotentha umaposa pamenepo. Mkota wosamwa sudya, ndipo wosadya sutulutsa mkaka. Tikudziwa kuti ndowa imeneyi imasenzedwa pamutu pa amai, ndipo kumtsinje kuli ng'ona. Abambo amene muli ndi njinga ndi zigubu, ntchito iyi ndi yanunso. Ndalama za ana a nkhumba zikabwera sitinaonepo bambo akuzikana.

Pa chifukwa chomwechi, ganizirani mwezi umene mukupereka mkota kwa mphongo. Wokweredwa pa 10 Januwale udzaswa kuchiyambi kwa Meyi, pamene mwakolola, zigayo zikutulutsa gaga ndipo kunja kwazizira. Januwale ndi mwezi wa njala, inde, koma mkota wa bere laling'ono sufuna zambiri, ndipo msipu uli ponseponse. Wokweredwa pa 1 Julayi udzaswa pa 23 Okutobala, pakati pa ng'anjo, nkhokwe zitayamba kupepuka. Amene mwasunga gaga wouma bwino ndipo muli pafupi ndi madzi, chitani maulendo awiri aja. Amene mulibe, ife tikuti bere limodzi labwino pa chaka liposa awiri amene adzakusiyani opanda mkota.

Ena akamva zonsezi amapita kukanenepetsa mkota uli ndi bere. Kumenekonso ndi kulakwa. Wonenepa kwambiri umavutika pakuswa, umagonera ana, ndipo ukaswa sukhala ndi chilakolako cha chakudya, kotero umakokoloka msanga kuposa unzake. Pa bere usungeni pakatikati, muonjezeko pang'ono mwezi wotsiriza pamene ana akukula msanga m'mimba. Chakudya chambiri chisungireni nthawi yoyamwitsa.

Kuletsa kuyamwa nako tisakusiye m'manja mwa nkhumba. Pamudzi ana amayamwa miyezi itatu kapena inayi mpaka make awakane yekha. Pamenepo thupi latha. Ana akakwana milungu iwiri kapena itatu, tchingani ngodya ya khola ndi mitengo yotalikirana pang'ono, kuti ana okha azilowa, ndipo muziwaikira phala la gaga wosefa ndi nsomba yosinja. Akazolowera kudya, aletseni pakati pa milungu 6 ndi 8. Chingwe chija chikamakhwepa msanga, yambani mwachotsa ana akuluakulu, ang'ono atsale masiku angapo. Pa tsiku loletsa, chotsani make, ana atsale m'khola limene analizolowera. Musachepetse chakudya cha mkota poganiza kuti ntchito yatha. Masiku amenewa mpaka ukweredwe uzidya bwino, chifukwa ndi pamene timazira tija tikukhwima. Ukamamva fungo ndi kulira kwa mphongo pafupi, umafulumira kufuna.

Kuyambira tsiku lachitatu muziuona m'mawa ndi madzulo. Kumaliseche kumatupa ndi kufiira, umasowa mtendere, nthawi zina umakana kudya. Chizindikiro chenicheni ndi ichi: tsindikani msana ndi manja onse awiri, ukaima nji osasuntha, nthawi yakwana. Upite kwa mphongo kunja kukadali kozizira, ndipo ubwerezenso patapita theka la tsiku kapena tsiku limodzi. Werengani masiku 21 ndi kuonanso ngati wabwerera.

Koma ngati pa tsiku loletsa kuyamwa mafupa akubaya dzanja, musathamangire mphongo ngakhale ufune. Lekani kufuna koyambako kupite, udyetseni bwino milungu 3, ukweredwe pa kufuna kotsatira. Mwataya masiku 21, koma ana adzachuluka ndipo mkota udzafika pakuswa uli ndi mphamvu. Pa nthawi yomweyi funsani alangizi a za ziweto ku boma za mankhwala a njoka za m'mimba, mphere ndi nsabwe, chifukwa zimenezi zimadya nawo m'mbale ya mkota.

Ilipo mikota imene iyeneradi kugulitsidwa. Ngati thupi labwerera, mankhwala a njoka walandira, koma papita miyezi iwiri osafuna, kapena wakweredwa katatu ndi mphongo yodziwika kuti imabereketsa koma bere osagwira, kapena ukutuluka mafinya kumbuyo, itanani a vetenale aone. Akati ugulitsidwe, gulitsani uli ndi mnofu, mupezepo mtengo wogulira msoti wina.

Kumbali yathu, buku la gulu talisintha. Pambali pa chiwerengero cha ana taikapo malo olembapo tsiku lakuswa, tsiku loletsa kuyamwa, tsiku lokweredwa, ndi m'mene msana wa mkota ulili, woonda, wabwino kapena wonenepa. Alembi a magulu mutenge mapepala atsopano tisanabalalike. Ndipo banja limene lili ndi ngongole yopatsira mnzake msoti lisakakamizidwe kukweretsa mkota woonda pofuna kubweza msanga. A komiti mumve zimenezi.

Tsopano tipita ku khola la kuseri kuno, kumene eni ake atilola kuti tigwire mkota wao wa ana a milungu itatu. Tilowa anayi anayi. Pakhomo pali beseni la madzi a mankhwala, aliyense aviike nsapato kapena mapazi ndi kusamba m'manja ndi sopo. Amene kwanu kwafa nkhumba mwezi uno, kapena mwagwira nyama ya nkhumba dzulo ndi lero, muimirire kunja kwa mpanda, chifukwa chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala ndipo chimayenda pa mapazi a anthu. Zingwe tabwera nazo, aliyense atenge chake. Amai ayambe ndiwo kulowa.